Geti la a Bawuti

Mukafunsa anthu a mumsewu umenewo kuti mkazi wamwayi ndani, sachedwa kuloza: nyumba ya mpanda wa njerwa ija, ya geti lobiriwira, kwa Madamu. Amati mwamuna ngati uja sapezeka kawiri. Amati amuna ena mkazi akadwala amanyamula chikwama n'kusowa, koma uja anakhala, n'kusandutsa nyumba yonse kukhala manja a mkazi wake. Zonsezo n'zoona, palibe wotsutsa. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo amene nyererezo zinkamuluma ndi Madamu yekha.

Dzina loti Madamu analitenga kusukulu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anaphunzitsa kalasi imodzimodzi, ya ana oyamba kumene, aja amabwera mamina ali chuchuchu, osadziwa kuti pensulo amaigwira mbali iti. Aphunzitsi anzake ankaithawa kalasi imeneyo. Iye ankati ntchito ili kumeneko, kwinako n'kungopaka penti nyumba yomanga wina. Ankatenga kadzanja ka mwana n'kukaika m'dzanja lake, n'kumayenda nako pang'onopang'ono mpaka chilembo chitaima chokha papepala. Nanga zolemba zake pabolodi! Alendo akabwera pasukulupo, ahedi ankawadutsitsa dala pawindo la kalasi yake kuti aone.

Mwamuna wake anali wowotcherera zitsulo: mageti, zitsulo za m'mawindo, zitseko za m'masitolo. Anzawo ogwira nawo ntchito kushedi anawapatsa dzina loti a Bawuti, chifukwa chilichonse chimene apanga, amachimangirira penapake. Benchi la kushedi analimanga ndi mabawuti pasimenti. Kapu yomwera madzi inali paunyolo. Mukawaseka ankangoti, "Chinthu chosamanga chimamera miyendo," basi n'kutsitsa galasi lawo lakuda kumaso. Anali munthu woti mawu ake a tsiku lonse mukhoza kuwawerenga ndi zala. Ngakhale pofunsira sananene zambiri. Anangobwera katatu kudzakonza chitseko cha nyumba imene Madamu ankakhala ali mbeta, chitseko chimene sichinawonongeke n'komwe. Kachinayi Madamu anati, "Chitseko chili bwino, nenani zimene mwabwerera." Anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene anakula n'kukwatiwa kutali.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, m'mawa wina Madamu anadzuka zala zitauma gwa. Anati ndi kuzizira. Mawa lake chimodzimodzi. Kenako mfundo za zala zinatupa, n'kumatentha ngati wazipisa m'madzi owira, ululuwo n'kulowa m'zigongono, m'mapewa, m'maondo. Tsiku lina akulemba pabolodi choko chinangopulumuka m'manja, ana n'kuseka poganiza kuti ndi masewera. Anachitola, chinagwanso. Kachitatu sanathe n'kuchitola komwe.

Adokotala atayeza magazi anamufotokozera mosabisa. "Amayi, iyi si nyamakazi ya ukalamba ayi. Asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka, m'malo momenya matenda akumenya mfundo zanu zomwe. Mankhwala alipo owafatsitsa, koma owachotseratu palibe. Muphunzire kukhala nawo."

Kukhala nawo! Kunena n'kosavuta. Munthu amene anaphunzitsa ana mazanamazana kugwira pensulo anayamba kulephera kugwira supuni. Batani la bulauzi linasanduka mdani. Mpopi unkamuyang'ana iye n'kumauyang'ananso, ludzu lili pakhosi. Zinkamupweteka kuposa ululu weniweniwo, ndipo ankalira, osati mobisa ayi, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu amene akudikira wina kuti amuvule.

A Bawuti sananene kuti pepani. Anatulutsa tepi yoyezera m'thumba.

Anayamba ndi supuni. Anadula paipi ya pulasitiki yothirira maluwa n'kuveka pampini, kuti ikhale yonenepa, yogwirika popanda kufinya zala. Pampopi anawotchererapo chitsulo chachitali ngati mkono wa mwana, choti ungokankha ndi chigongono madzi n'kutuluka. Zogwirira zozungulira za zitseko anazula zonse, n'kuikamo zongodinikiza pansi. Anatenga sipoko ya njinga, n'kuipinda kansonga, n'kuiika pampini wa mtengo: ukailowetsa pabowo la batani, imakola batanilo n'kulikokera kunja. Pazipi iliyonse anakolekapo mphete yoti chala chilowe. Kunsi kwa shelefu ya kukhitchini anamangako zitsulo ziwiri za mano zokumana ngati mphanda, zoti ukapanikizamo chivindikiro cha botolo n'kupotoza botololo ndi manja awiri, chimatseguka. Ketulo anaipangira chibelekero chake, yongoweramitsa osainyamula. Mpando wake anautalikitsa miyendo, chimbudzi anachikweza, m'bafa n'kuikamo zitsulo zogwira. Chipeso anachilumikiza ku ndodo. Foni anaipangira choikapo pambali pa mpando, kuti azingodina ndi nsana wa chala.

Tsiku limene Madamu anamanga yekha mabatani onse asanu a bulauzi, anatuluka kuchipinda akuseka misozi ili mbwembwembwe. A Bawuti anayang'ana mabataniwo limodzi ndi limodzi, n'kunena kuti, "Sipokoyo ndiyenera kuipindanso pang'ono." Uko ndiye kunali kusangalala kwawo, ndipo Madamu ankakudziwa. Asaname munthu kuti mayiyu sankayamika. Ankayamika mpaka mumtima.

Koma mwamuna wake anali a Bawuti. Chokolera mabatani chinali pakaunyolo, kaunyoloko n'kukhomedwa pawadiropu. Chipeso chinali pakaunyolo pagalasi. Supuni inali pakaunyolo pamalo pake patebulo. Choikapo foni anachimanga ndi mabawuti anayi, foniyo n'kuipanikizamo ndi kachitsulo. Madamu atafunsa kuti kodi wakuba wake uti angabe supuni ya paipi, anayankha kuti sakunena za wakuba. "Ikagwa pansi mutola bwanji?" Ndipo zinali zomveka. Zonse za a Bawuti zinkakhala zomveka, ndiye vuto lake linali pomwepo.

Anazindikira bwino atapita kukaona mdzukulu kwa mwana wake. Zipangizo zonse zinatsala pamakoma. Kumeneko anabwereranso kukhala khanda: womvekedwa, wotsegulidwira mpopi, wodzutsidwa pachimbudzi ndi mwana wake yemwe, mkamwini akukhosomola dala panja kuti asamve. Anati akhala mwezi, anakhala masiku anayi. Atalowanso m'nyumba mwake n'kukankha mpopi ndi chigongono, anapumira m'mwamba, koma mpumulowo unali ndi mantha mkati. Anaona kuti ndi munthu wathunthu m'zipinda zinayi zokha padziko lonse.

Ndiye panali geti. Nkhani ya geti inayamba chaka choyamba cha matendawo, mankhwala asanamuyanje. Anapita yekha kuchipatala, ndipo potsika minibasi bondo linangofooka, n'kugwa chafufumimba pamsewu. Sanathe kudzuka poti manja sakanamuchirikiza. Mayi wina wogulitsa nthochi ndi kondakitala ndi amene anamunyamula n'kumukhazika pamthunzi, wina n'kuimbira mwamuna wake. A Bawuti anafika akuthamanga, galasi lowotcherera likadali pachipumi, milomo itachita kuyera. Anamutengera kunyumba. Sabata yomweyo anagwetsa kageti kakale ka matabwa n'kuimika latsopano.

Linali geti loti makasitomala ankabwera kudzaonera. Loko anamubisa m'kabokosi kachitsulo kuti chodulira cha wakuba chisamufike. Pofuna kutsegula, kaya uli mkati kaya kunja, umayenera kulowetsa dzanja pakabowo, kupinda mkono m'mwamba, kufufuza malo a kiyi osaona, kupotoza, kuvula lokoyo, kenako kunyamula mpiringidzo wolemera n'kuukokera pambali. A Bawuti anati n'chifukwa cha akuba, poti Madamu amatsala yekha masana. Kiyi wina anamupatsa ndithu, kakiyi kakang'ono kosalala, n'kumukolekera pamsomali kukhitchini. M'nyumba monse munalibe chinthu chimene sanachikonzere manja a mkazi wawo, kupatula chimenecho.

A Bawuti ankanyamuka sikisi koloko. Nthawi imeneyo Madamu amakhala ali chigonere, thupi lonse litauma, poti matendawa m'mawa ndiye amakhala mfumu. Ankangomvera. Choyamba kulira kwa mahinjesi, kenako mpiringidzo gululu, pomaliza loko khethe. Cha m'ma eyiti ankadzikoka kukaviika manja m'beseni la madzi ofunda, ndipo pofika naini zala zinkayamba kumumvera. Mankhwala atsopano atamuyanja, adokotala anati aziyenda. A Bawuti anamupangira chitsulo chogwira kuzungulira nyumba yonse, mkati mwa mpanda. Kuzungulira kamodzi anali mapazi makumi anayi ndi awiri. Ankadziwa njerwa iliyonse ya mpandawo, ngakhale ija yosweka pakona imene buluzi ankaotherapo dzuwa. Mphepo ikachokera kumtunda, belu la kusukulu linkamveka bwinobwino, chifukwa sukuluyo inali pafupi, ulendo wa mphindi khumi kwa munthu woyenda mwaulesi. Anakhala choncho zaka zitatu.

Loweruka lina masana kunabwera ahedi, mayi wamkulu thupi, wolankhula mosazungulira. Atamwa tiyi n'kuyamikira chibelekero cha ketulo, ananena chimene anabwerera.

"Madamu, ana oyamba achuluka, tawagawa pawiri. Gulu lachiwiri lizilowa teni koloko, kuweruka wani. Ndinati teni koloko manja a mnzanga aja amakhala atadzuka. Kunyamula mabuku simudzanyamula, kukhala pampando mudzakhala. Ndikufuna pakamwa panu ndi maso anu." Anaika kapu pansi. "Koma ndisakunamizeni. Pali mtsikana wangomaliza maphunziro, akudikira malo omwewo. Lolemba tikutsegulira. Mukaoneka, kalasi ndi yanu. Mukapanda kuoneka, ana sindingawasiye okha."

Madamu anatembenuka. Anayang'ana mwamuna wake. A Bawuti ankayang'ana mwendo wa tebulo ngati wapezeka ndi mlandu.

Lamulungu atadya chamasana, Madamu anayamba nkhaniyo mofatsa, monga ankayambira ndi kholo lovuta.

"Abambo, ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, chogwirira choko. Chopanda unyolo, choti ndiike m'chikwama."

A Bawuti anatulutsa tepi. Anamuyeza chikhatho, anamuuza kuti afumbate mpaka pamene payambira kupweteka, n'kuyeza mpata wotsalawo. Anafunsa kuti bolodi limakhala lalitali bwanji kuchokera pansi ngati munthu akulemba atakhala. Madamu anayankha mokondwa, n'kuwonjezera ndi m'lifupi mwake momwe. Anati m'mtima, aa, zatheka, munthuyu kuvomera kwake ndi tepi.

"Chachiwiri ndi geti."

Tepi inabwerera m'chikombole chake, fyuu.

"Sindikuti muligwetse ayi. Mulikonze monga munakonzera mpopi. Ngati nthawi yachepa, mawa lokha musakhome, mungolikankha. Ndikatuluka ndidzalibweza."

"Nyumba ikhale yosakhoma?"

"Maola atatu okha. Akaba, abe supuni ya paipi, ngati angaimasule."

A Bawuti sanaseke. Anati, "Mmm." M'nyumba imeneyo "mmm" ankatanthauza inde, ankatanthauzanso ayi, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu Madamu ankasiyanitsa bwinobwino. Tsiku limenelo anasankha kumva inde.

Lolemba m'mawa anagona chagada, manja ali pachifuwa ngati si ake, makutu onse ali kugeti. Mahinjesi analira. Mpiringidzo gululu. Kenako zii. Anayamba kumwetulira. Ndiye khethe.

Iii, anthu inu, mkwiyo umene unamugwira! Akanakhala ndi zala zofumbata akanamenya khoma. Koma anadziuza kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kiyi ali pamsomali, lero ndi lero. Anadzuka nthawi yake isanakwane. Anaviika manja m'madzi ofunda mpaka madziwo anazizira, anathiramo ena. Anamwa mankhwala. Anasamba atagwira chitsulo cha m'bafa, anapesa ndi chipeso cha ndodo, anavala bulauzi yoyera ija ya masiku otsegulira sukulu, chokolera chija chikukoka batani limodzi limodzi, kaunyolo kakulira ngwelengwele pawadiropu. Siketi anaikoka ndi mphete ya pazipi. Chilichonse chinagwira ntchito yake mosalakwitsa. Itangodutsa naini anali ataima pageti, chikwama paphewa, kiyi atamupana pakati pa zala ziwiri.

Dzanja linalowa pakabowo. Kupinda mkono m'mwamba ndiye kunali kuitana moto. Anapirira, anafufuza, kiyi anagunda chitsulo, anagundanso, kachitatu analowa. Kupotoza. Zala zinangoterereka pakakiyiko. Anayesa ndi dzanja lamanzere. Anakulunga kiyi ndi mpango kuti anenepe, koma atanenepa dzanja silinakwanenso m'kabokosi. Anayesa kulowetsa mpini wa foloko pabowo la kiyi kuti apotozere, foloko inakana kukhota m'kabokosimo, poti a Bawuti anaganizira kale za wakuba wobwera ndi foloko. Thukuta linanyowetsa bulauzi kumsana.

Anabwerera m'nyumba kukaimbira foni mwamuna wake, poti foniyo kugeti siikanafika. Inaitana mpaka kuduka, kawiri, katatu. Ankadziwa kumene foni ya a Bawuti ili: m'thumba la jekete, jeketelo pamsomali kushedi, makina odulira zitsulo akulira. Anabwereranso kugeti n'kuitana oyandikana nawo. Onse anali atapita kuntchito, anayankha ndi galu yekha.

Kenako anamva mawu mumsewu: "Matsache! Matsache olimba!" Anasuzumira pampata wa pakati pa geti ndi mpanda, n'kuona mayi wamtali atasenza mtolo wa matsache.

"Amayi a matsache! Chonde tabwerani kuno!"

"Angati, mayi?"

"Sindigula. Ndithandizeni kutsegula getili, manja angawa ndi odwala. Kiyi nayu."

Mayiyo anatula mtolo wake, n'kumuyang'ana pampatapo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mukupatsa kiyi wa nyumba munthu wosamudziwa? Koma ndiye zakuvutani." Analowetsa dzanja chakunja. Anali ndi mikono ya munthu wogwira ntchito, yonenepa, ndipo inathina pakabowo. Madamu ankamulangiza, m'mwamba pang'ono, chakumanja, ayi mwapitirira. Mayiyo analuma mlomo, anagwada, anatukwana pang'ono, anatulutsa dzanja litasupuka pamfundo.

"Ayi, izi zandikanika. Amene anapanga geti limeneli ali ndi golide m'nyumbamu kapena?"

"Golide wake ndine," anatero Madamu.

Mayi uja anaseka, koma ataona nkhope ya mnzakeyo kuseka kunathera panjira. Anabweza kiyi pampata paja, anati pepani mayi, Mulungu akuoneni, n'kusenza matsache ake. Asanafike n'pakona pomwe, mphepo inabweretsa belu la teni koloko.

Madamu anaima pomwepo mpaka belulo linasiya kulira, kenako anakakhala pampando wake wautali miyendo, chikwama chikadali paphewa. Foni inalira cha m'ma leveni. Anali ahedi.

"Madamu, tikukudikiranitu. Kwagwanji?"

Apa ndiye pamene pamandipweteka ine. Akanangonena kuti anzanga, ndakhomeredwa, tumizani munthu wa dzanja laling'ono. Ahedi akanabwera okha. Koma Madamu anaona m'maganizo nkhaniyo ikuyenda msewu wonse, kuti uja timamutama uja amatsekera mkazi wake ngati mbuzi. Anaona mwamuna amene anakhala Lamulungu lathunthu akupinda sipoko ya njinga, akulozedwa zala pamsika. Pakamwa panangotuluka bodza lokha.

"Thupi silinadzuke bwino lero, ahedi."

Kunamveka kupuma kwautali. "Ndimaopa zomwezo, mnzanga. Lero tsiku loyamba, nanga mwezi wa mvula? Musadzikakamize. Mtsikana uja ali pano, ndimulowetsa. Mudzatichezere mukapeza bwino."

"Zikomo, ahedi," anatero, ngati wapatsidwa mphatso.

A Bawuti anafika msanga tsiku limenelo, dzuwa likadali pamwamba pa mpanda, akukankha njinga itasenza chinthu chachikulu chokutidwa ndi makatoni. Anaona mkazi wawo pakhonde ndi bulauzi yoyera ndi chikwama, anayang'ana kumbali msanga. Anamasula zingwe, anatenga chobowolera, n'kuyamba kuboola khoma la pakhonde. Mabawuti asanu ndi limodzi. Atachotsa makatoni, linali bolodi lakuda, latsopano, la felemu yachitsulo, penti ikununkhabe, lotalika ndendende mmene Madamu ananenera dzulo lake. Anatulutsa m'thumba chogwirira choko: kapaipi konenepa kokutidwa ndi mphira wa chubu, kokhala ndi lamba wolowetsamo dzanja kuti zala zisavutike kufinya. Kumapeto kwake kunali kaunyolo. Anakakoleka pafelemu, n'kupana ndi pulayala.

"Mabenchi awiri ndibweretsa Lachitatu," anatero akupukuta manja. "Ana azibwera kuno. Ndiziwatsegulira Loweruka. Simuyeneranso kuvutika ndi msewu."

Madamu anadzuka pang'onopang'ono. Analowetsa dzanja m'lamba muja. Chinamukwana ngati anabadwa nacho, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa. Anagunditsa choko pabolodi, ndipo patatha zaka zitatu zilembo zake zinatulukanso, zozungulira bwino, zoima mowongoka, zomwe zija ahedi ankaonetsa alendo. Analemba mawu awiri akuluakulu: TSEGULANI GETI.

A Bawuti anawerenga milomo ikugwedezeka.

"Sichikuterereka, eti?" anafunsa, akuloza chogwirira choko chija.

"Abambo, kalasi yapita. Apatsa wina. Ndinaima pagetipo ola lathunthu ndi kiyi m'manja, ndinachita kupempha wogulitsa matsache. Ndipo ahedi ndawanamiza kuti ndadwala, kuti dzina lanu lisanyozeke. Mukundimva? Ndadzinyoza ndekha kuti inu mutsale oyera." Analoza m'nyumba. "Botolo munandikonzera, batani munandikonzera, chimbudzi chomwe munandikonzera. Kiyi yekha ndiye wakukanikani, inu a Bawuti? Musandipusitse. Simunaiwale ayi."

"Mukagwanso pamsewu," anatero a Bawuti, maso ali pansi, "adzakutolani ndani?"

"Amene ananditola tsiku lija simunali inu. Anali mayi wa nthochi ndi kondakitala. Kunjaku kuli anthu, abambo."

A Bawuti anawerama. Anatola makatoni aja, anawapinda bwinobwino kanayi, anasesa fumbi la njerwa limene linagwa pobowola, n'kukalowetsa njinga. Chakudya chamadzulo anadya osayang'anana, kaunyolo ka supuni kokha kakugunda m'mphepete mwa tebulo.

M'mawa mwake Madamu anagona chagada, akumvera monga mwa masiku onse. Anamva chitseko cha kukhonde, koma mapazi sanapitirire kugeti. Anaima pakhondepo. Panamveka kaunyolo, ngwele, ndi kukhwekhwereza pang'ono. Kenako mapazi, mahinjesi, mpiringidzo gululu. Ndiye bata. Madamu anayamba kuwerenga mumtima monga ankawerengera ndi ana. Anafika makumi asanu. Anafika zana. Kunja kunadutsa njinga yamoto, tambala wa oyandikana nawo analira, munthu uja ali chiimire kuseri kwa geti lake, loko m'manja. Anafika zana ndi makumi atatu ndi ziwiri.

Khethe.

Sanalire. Nthawi itakwana anaviika manja, anamwa mankhwala, anavala diresi la zipi ya mphete, n'kutuluka pakhonde. Mawu ake aja anali pomwepo, sanafufutidwe. Pansi pake, chakukona, panali zilembo zina, zopindikapindika, zodinikizidwa kwambiri mpaka choko chinanyenyeka, za munthu wozolowera kulemba manambala pachitsulo basi. Anali mawu amodzi okha: NDIKUOPA.

Zaka makumi awiri ndi zisanu za ukwati, aka kanali koyamba mwamunayo kumuuza za mumtima mwake popanda tepi. Madamu anawerenga kawiri. Anamva chisoni, anamvanso ukali, ndipo palibe chimene chinagonja kwa chinzake. Anakweza dzanja kuti agwire zilembozo, n'kulibweza poopa kuzifufuta. Kenako anatembenuka kuyang'ana geti. Linali lokhoma.

Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa nyumba n'kuyamba kuzungulira. Ali pa phazi la makumi atatu, pafupi ndi njerwa yosweka ija, belu la teni koloko linalira.